Mlendo Amene Analowa M'chikuta cha Mdzukulu Wanga

Senderani kufupi, ngakhale nkhaniyi mukuiwerenga papepala. Kukanakhala kale, ndikanakukhazikani mozungulira mbaula n'kuisimba pakamwa, mpaka a kuseri kwa msika akanaimva osaitanidwa. Chimene ndalembera m'malo molankhula muchidziwa tikamafika kumapeto, ndipo mukachidziwa mukwiye nane limodzi, poti ine mkwiyo wanga sunaphwe.

Ndine NaGama wa ku Mponela, mwini sitolo ya zitenje ija yoyang'anana ndi chigayo. Si ine munthu wotengeka ndi mphepo iliyonse. Sukulu ndinapita, folomu folo ndinakhoza pa nthawi imene anzanga ankathera ku pulayimale, ndipo satifiketi yake ili pabalaza, m'galasi. Za mawu ndiye musachite kufunsa. Kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu ndinkaitsogolera ine. Pamaliro ndikayambitsa nyimbo, okumba manda ankaimika makasu. Chimkuzamawu ndinkachikankhira kumbali kuti chithandize ofooka. Bawo nalonso malemu amuna anga anandiphunzitsa mwamasewera, koma pomwalira anali atasiya kusewera nane pagulu kuopa manyazi.

Mwana wanga ndi mmodzi, Sungeni. Amuna ake, a Maliko, amagwira ntchito ku Joni. Banja lawo linakhala zaka lisanaone mphatso, anthu akuyankhula zoyankhula, ine ndikuwayankha mmodzimmodzi. Ndiye Sungeni ataima, ndinamutenga kuti azikhala kwa ine mpaka achire.

Amene anabweretsa chinthucho m'nyumba mwanga ndi a Maliko, ndipo sindiwaimba mlandu, nawonso anachita kuuzidwa ndi anzawo. Atabwera kutchuthi anati, "Amayi, pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa Pamphasa. Mumasewera bawo ndi anthu a kutali uku mukucheza nawo pakamwa. Ifenso ndi Sungeni tizilankhulana pomwepo, sidya bandulo."

Poiika pafoni inayamba kufunsa mafunso ngati wapolisi. Kodi mukulola timve mawu anu? Kodi mukulola tione zithunzi zanu? Kodi mukulola tidziwe manambala a abale anu?

"Apongozi," ndinatero ine, "eni ake a zimenezi ndi ndani? Amakhala kuti? Mfumu yawo ndani?"

Anaseka. "Amayi, zimenezo aliyense amangodina. Mukakana sitseguka. Taonani kaloko aka pakona. Ndiye kuti zolankhula zanu palibe wina angazimve."

Kaloko kanalipodi, kachikasu, kokongola. Pansi pake analembapo m'Chichewa chomveka bwino kuti zapamphasa zimathera pamphasa. Munthu wophunzira akawerenga lonjezo lolembedwa amayesa kuti analemba ndi anthu amanyazi. Ndinadina, monga anadinira Mponela yense.

Poyamba zinkakoma, bodza ndi loipa. Tinatsegula mphasa yathu ya amayi, poti magulu a mmenemo amawatchula mphasa. Munali amayi a ku Dowa, a ku Kasungu, wina wa ku Mwanza, ndi mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo, Anasibeko, wophika mandasi pafupi ndi siteji ya mabasi. Dzuwa likapendeka, makasitomala atachepa, tinkayala bawo pafoni. Ndinkawadya onse. Mayi wa ku Kasungu anafika pondipempha kuti ndizimusiyirako nkhomo ziwiri zokaonetsa ana.

Tsiku lina chakumadzulo, tili mkati moseka, panamveka mawu.

"Odi."

Mawuwo sanali a mwamuna, sanalinso a mkazi. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso longa la mapesi ouma akamakhulana ndi mphepo.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Anasibeko.

"Odi."

Mayi wa ku Mwanza, munthu waulemu wake, anayankha kuti, "Eee, lowani, tikucheza." Basi mlendo anakhala. Chithunzi analibe, dzina analibe, pamalo pake panali kabwalo kotuwa. Ine ndinkayesa wamuitana ndi wa ku Mwanza, wa ku Mwanza ankayesa ndi wa ku Dowa. Tinangomutcha Aodi, chifukwa mawu ena sankalankhula. Bawo sankasewera. Ankangokhala, monga amakhalira munthu pamaliro a kwa eni.

"Mwina ndi wamanyazi," ankatero amayi. Ine ndinati, "Wamanyazi amapita kwawo kukada. Uyu bwanji sachoka?" Unkati ukatsegula foni mbandakucha kuti uone nthawi, kabwalo kotuwa kali pompo.

Kenaka tizinthu tinayamba. Bandulo inasiyiratu kutha. Amayi anaimba nthungululu, amvekere Mulungu wakumbukira amphawi. Ine ndinati chaulere chimakoma, koma mbewa imene imapeza chiponde pamsampha nayonso imathokoza. Foni ndinkaizimitsa pogona, koma mmawa ndinkaipeza yofunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Bawo la malemu amuna anga, lamtengo wa mlombwa, limakhala pamwamba pa kabati, nkhomo zake m'kathumba. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinapeza nkhomo zili m'maenje, zitayalidwa ndendende mmene masewera anga a dzulo lake anathera pafoni. Ndinakalipira Sungeni. Iye anati, "Amayi, ndi mimba imeneyi ine ndingakwere pampando kukafika pamwamba pa kabati?" Ndinazibwezera m'kathumba. Mmene ndimamanga, kathumbako kanali kopepuka kuposa kale.

Chimene chinandipsetsa mtima koyamba ndi cha Anasibeko. Anatulukira kusitolo masanasana, chitenje chili m'chiuno ngati wobwera kunkhondo.

"NaGama, ngati mandasi anga amanunkha mafuta akale, bwanji osandiuza pamaso? Mpaka kukalengeza pamphasa, a ku Kasungu amve?"

"Ine? Ndalengeza liti?"

Anatulutsa foni n'kudina. Ndinamva mawu anga, anga enieni, ndi kaseko kanga komwe: "Mandasi a Anasibeko masiku ano akununkha mafuta akale." Mawuwo ndinanenadi, sindikana, ndipo mandasiwo ankanunkhadi. Koma ndinanenera kukhitchini kwanga, kwa mwana wanga, chitseko chili chotseka, foni ili chafufumimba pawindo. Kodi munthu asamayankhulenso m'khitchini mwake?

"Sindinatumize ine zimenezi, asisi."

"Ndiye watumiza ndi mphaka wanu? Mphaka wophunzira ngati eni ake?"

Anachoka akukuntha mapazi. Chinansi cha zaka zambiri chinasweka ngati mbale yadothi, ndipo tinasiya kupatsana moni.

Madzulo a tsiku lomwelo, ndikuchokera kusitolo chisisira chitagwa, ndinaona munthu pambali pa njira yodutsa kuseri kwa chigayo. Anali atayala mphasa pafumbi, wakhala chofulatira, wafunda nsalu yotuwa mpaka kumutu. Ndinayesa wodwala. Ndikudutsa ndinamva, "Odi."

Taganizani. Odi amanenera pakhomo. Pamsewu, popanda chitseko, popanda mpanda, munthu akuodira chiyani? Agalu a kuchigayo, amene amauwa ngakhale njinga, anali atagona pansi makutu ali m'mbuyo. Ine sindithawa, sindinathawepo chibadwire. Ndinangofulumiza mapazi. Nditacheuka pa mtengo wa mango, mphasa inalipo, munthu panalibe.

Pamphasa ndinasiya kulowapo. Koma Sungeni ankalankhulirabe pomwepo ndi amuna ake, pa kamphasa ka anthu awiri, kokhala ndi kaloko kachikasu kaja. Ndikanamuletsa bwanji mwana woyembekezera kumva mawu a mwamuna wake?

Sungeni anachira kuchipatala, mwana wamwamuna, wathanzi, wolira ngati lipenga. Anamwino anati, "Ameneyu watengera agogo ake." Ndinati mwaona bwino. Titafika kunyumba ndinawalowetsa m'chikuta. Kwa amene munakulira m'tauni osauzidwa: mwana akabadwa, iye ndi mayi ake amabindikira m'chipinda mpaka mchombo utagwa. Salowamo mlendo, ndipo mwanayo sapatsidwa dzina kufikira atatuluka. Ena amati ndi zachikale. Ine ndi satifiketi yanga ndimati khanda ndi lofewa, si la maso a aliyense.

Ndipo chikuta chimenecho ndinachilondera, anthu inu. Amayi busa anabwera ndi sopo, ndinalandirira pakhonde. Alamu anga anachokera ku Madisi pa njinga yamoto, anabwerera osaona ngakhale chala cha mwana. Ntchentche yomwe ndinkaithamangitsa ndi chitenje. Panalibe wakuba, mfiti kapena wamiseche amene akanadutsa pa ine. Ndinkagona pakhomo penipeni pa chipindacho. Foni ya Sungeni yokha ndiyo inali pamtsamiro, kuti bambo wa mwana azimva kulira kwa mwana wake ali ku Joni. Kaloko kanali pakona, kakuwala.

Tsiku lina dzuwa litangolowa magetsi anazima. Ndinali panja ndikukoleza mbaula yoti ndiwiritsire madzi a Sungeni. Ndinamva foni ikulankhula kuchipinda, mawu a a Maliko, ofatsa monga mwa masiku onse.

"Odi kuno."

Sungeni, tulo tili m'maso, anaseka. "Mpaka odi, ngati mwafika pakhomo? Lowani, bambo a mwana."

Mbaula imene inali itayaka bwino inazima yokha, ngati wina waithira madzi. Mwana anali akulira nthawi imeneyo. Kulirako kunaduka pakati, monga imadukira wailesi batire likachotsedwa.

Ndinalowa ndi tochi. Mwana anali maso, akuponya timiyendo. Kukamwa kunali yasa, nkhope itafiira, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Ankalira ndi mphamvu zake zonse. Koma m'chipindamo munali zii, moti ndinkamva kupuma kwa Sungeni.

Kutacha tinathamangira kuchipatala, poti ine si wokhalira kulosera matenda. Adokotala anamuyeza pakhosi, pachifuwa, m'makutu. Anati zonse zili bwino, tipitirize kumuyamwitsa, tibwerenso zikapitirira. Anachita mbali yawo. Koma mwana wosalira ndi wovuta kulera. Sudziwa kuti wamva njala liti, sudziwa kuti chamuluma n'chiyani. Anayamba kutopa nako kulira kosamvekako, bere n'kumangoligwira pang'ono n'kulisiya. Timasaya tija tinayamba kulowa. Mchombo, umene unali utayamba kuuma, unangoti kakaka osagwa. Anansi odutsa kuseri ankati, "Koma NaGama muli ndi mwayi, mdzukulu wofatsa chonchi!" Ndinkalakalaka kuwagenda ndi chikuni.

Ndinaimbira a Maliko pa nambala yawo yeniyeni, osati pa chinthu chija.

"Apongozi, tsiku lija magetsi anazima kuno munati odi pafoni. Munkatanthauza chiyani?"

"Ine, Amayi? Sabata yonseyi foni yanga inali kwa okonza, inagwera m'madzi. Ndaitenga lero. Ndimati ndiimbe madzulo ano ndipepese kuti ndakhala chete."

Ndinayang'ana Sungeni. Iye anali atamva. Anati, "Nanga amene ndakhala ndikucheza naye masiku onsewa ndi ndani? Amandifunsa ngati ndadya. Amanditchula dzina limene amanditchula Maliko yekha."

Tisanapume, kunja kunamveka mapazi othamanga. Anali Anasibeko, opanda mpango kumutu, ufa wa mandasi uli m'manja. Munthu amene sitinkalankhulana. Anaima pakhonde, poti mwambo amaudziwa, n'kufuula.

"NaGama! Tulukani! Za mandasi zisiyeni, tulukani!"

Nditatuluka anandigwira dzanja. "Mwana wanu akulira pamphasa."

"Mwana wanga ali m'nyumba."

"Ndikuti akulira pamphasa ya amayi ija! Chiyambire dzana. Wa ku Dowa amayesa ndi wa kwa wa ku Kasungu, wa ku Kasungu amayesa ndi wa kwa wa ku Mwanza. Ine lero ndamvetsera bwino. Kulira kwa lipenga kumeneku ndinakumva tsiku limene munkatsika galimoto kuchokera kuchipatala. Ndi wanu."

Anadina foni yake. Ndinamva mdzukulu wanga. Ankalira kutali, ngati ali pansi pa chitsime, mawu atasasa chifukwa cholira nthawi yaitali popanda womunyamula. Kumbuyo kwake mapesi ouma ankakhulana. Kabwalo kotuwa kaja kankaphethira.

Mantha ndinali nawo, koma anabwera mochedwa, anapeza mkwiyo utakhala kale pampando. Ine NaGama, amene ndinabweza amayi busa pakhonde, amene ndinabweza alamu anga a ku Madisi, chinthu chopanda nkhope n'kudzalowa m'chikuta changa podzera pamtsamiro? Eni ake atandilonjeza ndi kaloko?

Nthawi yomweyo foni ya Sungeni inalankhula kuchipinda, popanda woikhudza. Mawu a a Maliko, okoma ngati uchi.

"Mayi a mwana, mwanayu timutchula ndani? Tandiuza dzina limene uli nalo mumtima. Ndinong'oneze, palibe akumva."

Sungeni dzina anali nalo, ankalisunga chiyambire ali ndi pakati. Nditathamangira kuchipinda ndinamuona akutsegula pakamwa ngati wolota. Ndinalumpha ngati mtsikana n'kumutseka pakamwa ndi chikhatho.

"Usayerekeze! Mchombo sunagwe, mwana alibe dzina!"

Anasibeko ali pakhonde anakuwa, "Musamuuze! Kulira watenga kale. Akadziwa dzina amuitana, ndipo mwana adzatsatira kulira kwake!"

Ndinatola foniyo ndi nsalu monga timagwirira mphika wotentha, n'kutuluka nayo. Kunja chisisira chinali chitagwa. Nkhuku zinali zitaunjikana pakona ya mpanda, osalowa m'khola. Ndinaiika foniyo pansi pakati pa bwalo, ine n'kuima chilili, manja m'chiuno. Anasibeko anaima kumbuyo kwanga atagwira tochi ndi manja awiri, kuwala kukuvina.

"Iwe," ndinatero. Sindinati inu. "Wopanda mwambo iwe. Unabadwa kwa mkazi kapena unaphuka ngati bowa? Kwanu sanakuuze kuti mlendo amathera pakhonde? Bweza kulira kwa mdzukulu wanga."

Kenaka chinayankha, ndipo mmene chinayankhira ndimafuna nditaiwala. Liwu lililonse linali la munthu wina. Loyamba la mayi wa ku Dowa, lachiwiri la wa ku Mwanza, lachitatu la Anasibeko amene anali kumbuyo kwanga atatseka pakamwa.

"Munalola. Nonse. Munadina."

"Tinalola bawo! Tinalola macheza! Ndani anakulola kukhitchini kwanga? Ndani anakulola m'chikuta?"

"Anati lowani."

"Anauza mwamuna wake! Unabwera utavala mawu a eni, wakuba iwe! Nanga kaloko kaja n'kachiyani?"

Chinaseka ndi kaseko kanga. "Loko ndi wathu. Kiyi ndi wathu."

Anasibeko anayamba kupemphera chamumtima. Pafoni panayalika bawo lokha, nkhomo zili m'maenje. M'nyumba, pamwamba pa kabati, ndinamva nkhomo zenizeni zikugwera m'maenje a mlombwa, imodzi imodzi, go, go, go.

"Tisewere," chinatero ndi mawu a malemu amuna anga. Iwo anamwalira chinthuchi chisanabwere, koma mawu awo anali mu kanema wa ukwati wa Sungeni, m'foni mwanga, mmene ndinalola kuti aone zithunzi. "Ukapambana, tenga. Paja sugonja iwe, NaGama."

Chinkandidziwa. Chinali chitamvetsera nthawi yaitali, chinkadziwa pamene pamandiyabwa. Ndipo ndikuuzeni, ndikanachidya. Palibe chamoyo kapena chakufa chimene chingandigonjetse pa bawo. Koma ndinalavula pansi.

"Mdzukulu wanga si nkhomo. Ndipo mawu a amuna anga uwavule msanga, sakukukwana."

Mwana ankalirabe kutali kuja, koma mofooka tsopano, kulira kwa khanda limene latsala pang'ono kuleka. Ndinaganiza: mwana akasochera m'munda wa chimanga, sukambirana ndi chimanga. Umaima pamalo amodzi n'kukweza mawu kuti adziwe kolowera. Ndipo mawu okweza, m'boma lonse la Dowa, anali ndi ndani?

Ndinagwada pafumbi, n'kuyandikitsa pakamwa pafoni. Ndinayamba kuimba nyimbo yongopeka pomwepo, yoitana khanda: bwera kuno mwana wa eni, kwanu n'kuno, bere lili kuno, moto uli kuno, kumeneko kulibe amako.

Mapesi aja anasiya kukhulana. Chinthucho chinatchera khutu. Ndinachimva chikuyandikira, ngati mmene umamvera munthu akaima kumbuyo kwako mumdima. Fungo la mphasa yonyowa linadzaza bwalo. Ndinakweza mawu. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti a kumsika anasiya kugulitsa, wa chigayo anazimitsa injini. Sindinaimbepo chonchija, ngakhale pamaliro a amuna anga.

Ndili mkati ndinazindikira chimene chinkachitika. Mzere uliwonse umene ndinkaimba sunkabwerera pakhosi. Unkatuluka ngati ulusi ukusololoka pa chitenje, wina akukoka mbali inayo, mwadyera, dzanja pa dzanja. Chinali chitapeza chonona kuposa kulira kwa khanda, ndipo kuti chigwire bwino chinayenera kutaya chimene chinali m'manja. Kulira kwa mwana kunayamba kuyandikira. Kunachoka pansi pa chitsime, kunafika ngati kuseri kwa mpanda.

"NaGama, lekani!" analira Anasibeko akundikoka phewa. "Mawu anu akutha! Lekani, asisi!"

Ndinamukankha. Ndinkadziwa. Musaganize kuti anandibera ndili m'tulo, ayi, ndinkaona ndi maso anga. Ndinaimbabe, mawu akuchepa, akusasa, akusanduka mpweya. Mzere womaliza ndinauimba ndi milomo yokha.

Pamenepo m'nyumba munaphulika lipenga.

Sungeni anakuwa, "Amayi! Akulira! Amayi, akulira!" Agalu a kuchigayo anayamba kuuwa onse pamodzi. Nkhuku zinalowa m'khola. Foni inazima, ndipo inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinafuna kuyankha mwana wanga kuti ndamva. Panatuluka kamphepo chabe.

Mwana anayamwa usiku umenewo mpaka mayi ake anadandaula. Mchombo unagwa mmawa mwake. Tinamutulutsa m'chikuta, tinamupatsa dzina, ndipo dzinalo sindilemba pano. Mukufuna mukalitengere kuti? Pano akuyenda, akuswa makapu anga, ndipo akalira amamveka mpaka kusiteji. Anasibeko amamubweretsera mandasi, a mafuta atsopano.

Ine kuchipatala ndinapita, anandiunika pakhosi, anati palibe chotupa. Ndimanong'ona, ndipo wofuna kundimva amachita kuwerama. Kusitolo ndimagogoda patebulo kuti kasitomala acheuke. Kwaya akutsogolera ndi mayi wina amene mawu ake ndi ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo ine ndimakhala kumbuyo n'kumamuyang'ana. Sindidandaula. Atati ndisankhenso, ndingagwadenso pafumbi pomwe paja.

Chimene chimandiwawa ndi china. Mafoni onse awiri, yanga ndi ya Sungeni, tinawaponya m'chimbudzi chokumba. A Maliko anayesa kulembera eni ake a Pamphasa kuti afafanize zathu zonse. Adiresi yake inali yosapita kulikonse. Ofesi alibe, nkhope alibe, mfumu yoti ukawasumire alibe. Koma kaloko kachikasu kakadali pompo, ndi lonjezo lake lija.

Mwezi wathawu kusitolo kunabwera mayi wochokera ku Ntchisi, sindinamuonepo chibadwire. Atamva dzina langa anaomba m'manja. "Ndinu NaGama? Mayi inu mumaimba! Dzulo lomweli munatiimbira pamphasa yathu mpaka tinalira. Ndi inu munatiitana kuti tilowemo, ine ndi mng'ono wanga. Iyeyo ndi woyembekezera, amakonda kugona akumvera nyimbo yanu ija ya bwera kuno mwana wa eni."

Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anachita mantha. Ndinamukokera pafupi n'kumunong'oneza zonse zimene mwawerengazi. Kaya anakhulupirira, kaya anangoti mayi wa zitenje wazungulira mutu, sindidziwa. Anatuluka osagula kanthu.

Mawu anga, amene ndinawasunga bwino moyo wanga wonse, osasuta, osamwa, amene anaperekeza akufa a m'dera lino mwaulemu, lero akugwira ganyu yoitanira ana a eni kwa chinthu chopanda nkhope. Ndipo sindingathe ngakhale kukuwa kuti si ine.

Ndiye chifukwa chake ndalemba. Muwerengere amene sadziwa kuwerenga, ndipo muwerenge mokweza, poti ine sindingathe. Kukhitchini foni muziisiya panja. M'chikuta isalowe, ngakhale bambo wa mwana alire chotani. Ndipo tsiku lina chisisira chikadzagwa, mukadzamva mawu okoma a NaGama wa ku Mponela akuti odi, kaya pafoni, kaya kuseri kwa chitseko, musadzayankhe.

Ine ndikabwera kwanu ndimagogoda.